Diso Limodzi ndi Theka

M'nyumba ya zithunzi ya Mfumu ku Lahore, anthu ankadziwa kuti a Hidayat a ku Shiraz, m'dziko la Perisiya, afika asanawaone n'komwe, chifukwa madandaulo awo ankayambira pakhomo akuvula nsapato. Lero adandaula kutentha, mawa ntchentche, mkuja madzi a pachitsime kuti akumveka dothi. Koma masiku ambiri, ndinene zoona, ankadandaula za Pitambar.

Awiriwa anakhala pamkeka umodzi zaka zoposa makumi awiri. Sikuti anasankhana, ayi. Ndi mmene ntchito inkayendera m'nyumbamo: tsamba limodzi la buku silinkajambulidwa ndi munthu mmodzi. Mmisiri wamkulu ankalemba mizere, kuika mfumu apa, kavalo apo, phiri uko, kenako n'kupereka tsambalo kwa mnzake kuti apake utoto ndi kumaliza tinkhope ta anthu wamba. Kapitawo wa nyumbayo ndiye ankagawa anthu awiriawiri, ndipo anali ndi khalidwe limodzi limene a Hidayat sanamukhululukire: wa ku Perisiya ankamuphatikiza ndi Mhindu. Ankati Mfumu imafuna choncho. Ndiye a Hidayat ankalemba mizere yawo yoonda ngati tsitsi, monga anaphunzirira kwa mphunzitsi wawo ku Shiraz, n'kuipereka m'manja mwa Pitambar, mwana wa wopaka makoma a akachisi ku Gwalior, munthu wotafuna masamba a paani mpaka mkamwa kufiira psuu.

Mmawa wina m'chilimwe a Hidayat anapeza tsamba la ulenje litatha kupakidwa. Analiyang'ana ataimirira, analiyang'ananso atakhala pansi, mtsempha wa pachipumi n'kuyamba kugunda.

"Iwe Pitambar."

"Wawa, a Ustadi." Amisiri akuluakulu onse ankaitanidwa choncho, koma Pitambar yekha ndiye ankatha kulitchula dzinalo mwaulemu n'kumvekabe ngati akukuseka.

"Munthu wa mkondoyu, diso lake linalo lapita kuti?"

Pitambar anasuzumira ngati kuti nayenso akulifunafuna. "Lili kuseri. Tembenuzani pepala, mwina mulipeza."

Anzawo a pamikeka yoyandikana anaweramira ntchito zawo, mapewa akugwedezeka.

Nkhondo yawo yonse inali pa diso limeneli. Kwawo kwa a Hidayat, nkhope ya munthu imajambulidwa itatembenukira pang'ono chabe, yozungulira bwino ngati mwezi, diso limodzi lathunthu ndi theka la linzake, ndipo amisiri amangoti nkhope ya diso limodzi ndi theka. Kwawo kwa Pitambar munthu amamuonera cham'mbali, mphuno kutsogolo, khutu kumbuyo, diso limodzi lokha lalitali ngati kansomba. A Hidayat akangomusiyira khamu la anthu kuti amalize, ankapeza theka la khamulo litatembenuzidwa makosi.

"Ndinakusiyira diso limodzi ndi theka. Ndinalilemba ndi dzanja langali. Mulungu anamupatsa munthu maso awiri, ife tikumubera kale theka, iwe ukufuna kumulanda lonse?"

"Koma a Ustadi, munthuyu mkango uli pakhosi. Ayang'ane inu kapena mkango?"

"Ayang'ane mwaulemu. Ili ndi buku la Mfumu, si khoma la kachisi wa kwanu."

"Ulemu pamaso pa mkango, eti. Ku Shiraz anthu amafa mwadongosolo ndithu."

Diso likatha ankayamba za chikasu. Pitambar anali ndi timibulu ta utoto wachikasu tochokera kummawa, timene anthu ankati amapanga ndi mkodzo wa ng'ombe zodyetsedwa masamba a mango okhaokha. Kaya n'zoona kaya ndi bodza la amalonda, fungo lake linkachitira umboni. Koma kuwala kwake, abale, chikasucho chinkayaka papepala ngati wina wayatsa nyale kuseri. A Hidayat ankachida ndi mtima wonse. Kwawo chikasu amachipera kumwala, chaulemu, chodziwa malo ake, chosakuwa pakati pa mitundu inzake.

"Buku la Mfumu ukulipaka mkodzo," ankatero, atagwira mphuno.

"Mkodzo wa ng'ombe, a Ustadi. Kwathu n'chinthu choyera."

Chowawa kwambiri chinali chakuti Mfumu inkazikonda zimenezi. Sabata iliyonse kapitawo ankanyamula masamba otha kupita nawo kubwalo, ndipo pobwera ankati Mfumu yaima nthawi yaitali pa tsamba la awiriwa, yaloza mkanjo wachikasu, yaloza njovu yotupa minofu, yati izi ndiye zithunzi zopuma mpweya. Anthu ankawayamikira a Hidayat, iwo ankangoti zikomo ndi mano okha. Ukayamikiridwa pa chinthu chimene wina wakuwonongera, umasowa pothawira. Mumtima ankati akanakhala ndi mwayi wojambula buku limodzi lokha m'njira yake yeniyeni, kwawo, pafupi ndi manda a bambo awo, akanafa wopanda mangawa. Anabwera kuno ku Hindustani ali mnyamata akuti akhala zaka zochepa, ndipo tsopano ndevu zinali mbuu.

Mwayiwo unabwera pa ngamira. Pagulu la amalonda a akavalo ochokera ku Perisiya panali munthu wina dzina lake Sohrab Beg, mtumiki wa bwanamkubwa wina wa ku Shiraz, ndipo mbiri inamveka kuti mbuye wake akufuna mmisiri wa zithunzi kunyumba yake ya mabuku. A Hidayat anavala mkanjo wawo wa pa Lachisanu n'kupita kunyumba ya alendo. Sohrab Beg anali wamng'ono kwa iwo, wa ndevu zometedwa bwino, ndipo atangotsegula pakamwa a Hidayat anamva Chiperisiya cha kwawo chenicheni, mawu akutsetsereka ngati madzi a m'ngalande. Anatsala pang'ono kumukumbatira munthu wachilendo.

"Chiperisiya mumachiyankhula bwino ndithu, bambo," anatero Sohrab Beg atacheza pang'ono.

A Hidayat anaona kuti ndi ulemu wa anyamata a masiku ano, sanaziike kumutu. Anafotokoza za mphunzitsi wawo, za mabuku amene anagwirapo, za kapitawo amene sangakanize nkhalamba kukafera kwawo. Sohrab Beg anamvetsera kenako anati sangalonjeze kanthu asanaone dzanja. Ankafuna tsamba limodzi, la dzanja lawo lokha, asananyamuke, poti ankafuna kuchoka mvula isanatseke njira.

Mkazi wawo, Bibi Nasiba, anabadwira ku Lahore komweko kuseri kwa msika wa nsalu, ndipo za Shiraz anali atamva mpaka makutu kuwawa. Nkhaniyi anaimva akukanda ufa wa chapati, osatukula mutu.

"Bambo a Farida, kwanuko mango aliko?"

"Kuli mphesa. Kuli makangaza otsekemera. Kuli maluwa amene sunawaonepo chibadwire."

"Ndafunsa mango."

"Kulibe."

"Nanga inu amene mumadya mango mpaka ndevu kumata, mukakhalako bwanji?"

"Ndimadya chifukwa palibe china."

"Ehe." Anamenya ufawo pathabwa. "Mukapita ndipita, Farida ali kale pabanja pake, ndipo inu nokha mungafe ndi njala m'njira. Koma mukakafika n'kuyamba kudandaula za ntchentche za kumeneko, ine ndidzabwerera wapansi."

A Hidayat anauza kapitawo kuti maso akuwavuta, n'kukhala kunyumba. Anayala mkeka pakhonde pamene kuwala kwa mmawa kumafika bwino, anakhula pepala ndi mwala wosalala mpaka kunyezimira, ndipo anasankha chithunzi chimene mwana aliyense wa ku Shiraz amachidziwa: mwana wa mfumu atakhala m'munda pansi pa mkungudza, dona akumupatsa chikho, kamtsinje kakudutsa pamapazi awo, kumwamba golide yekhayekha. Mizere inayenda yokha. Nkhope ziwirizo anazilondera ngati mbuzi zakuba, diso limodzi ndi theka, diso limodzi ndi theka, popanda munthu wozitembenuza khosi iwo atapita kukasamba m'manja. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo anagwira ntchito mwakachetechete, ndipo anadabwa kuti bata limatopetsa chonchi. Kangapo konse anatembenukira kumanzere kuti anene kanthu, n'kupeza mphaka.

Mavuto anayamba pa utoto. Munthu amene wakhala akupatsira mnzake ntchito yopaka kwa zaka makumi awiri amaiwala kuti mwala wa buluu superedwa ndi pakamwa. Anapera mpaka phewa kuwawa, anathira madzi ambiri, anathira ochepa, anatukwana kaburashi ka ubweya wa gologolo kuti agologolo a kuno ndi aulesi ngati eni dziko. Bibi Nasiba ankadutsa ndi mtsuko osanena kanthu, ndipo kusanena kanthu kwakeko kunkawapsetsa mtima kuposa mawu.

Kenako anafika pa mkanjo wa mwana wa mfumu. Unayenera kukhala wachikasu. Anapita kumsika kukagula chikasu cha mwala, cha kwawo, anachipera mwachikondi, anapaka. Chitauma anachiyang'ana, n'kuyang'ananso. Mkanjowo unkaoneka ngati mano a nkhalamba. Anati wogulitsayo wawanyenga, anabwerera kukamukalipira pamaso pa anthu, anagula kwa wina. Zomwezo. Anapaka kawiri, anakhula kumbuyo kwa pepala, anapita nalo padzuwa, anabwera nalo pamthunzi. Mwana wa mfumu anangokhala ndwii mu mkanjo wake wakufawo ngati wodwala malungo.

"Kale sichinkaoneka chonchi," anauza mphaka. "Miyala ya masiku ano ndi yachabe."

Anapirira mmene akanathera. Pomaliza anavala nsapato n'kupita kunyumba ya zithunzi nthawi ya chakudya cha masana, pamene amisiri amakhala kubwalo pansi pa mtengo. Analowa ngati munthu woiwala mpeni, anagwada pamkeka wawo, anatsegula kabokosi ka Pitambar n'kutola kam'bulu kamodzi, kakang'ono kwambiri pa tonse.

"Maso ali bwanji, a Ustadi?"

Pitambar anali ataima pakhomo akutsuka m'mano ndi kamtengo. A Hidayat anafumbata dzanja, koma fungo silifumbatika.

"Akuchira."

"Ndikuona. Mwaona ngakhale kabokosi kanga mumdima muno." Analowa n'kukhala pamalo ake. "Ndamva kuti mukutisiya."

"Wamva bwino."

"Muyende bwino. Mwina kapitawo andipatsa munthu wodziwa kuti njovu si kavalo wonenepa." Anatsegula kabokosi, anasankha m'bulu waukulu n'kuuika pamkeka pakati pawo, maso ali kwina. "Kamene mwatengako n'kakale, kamatuwa. Ngati n'zothamangitsira ntchentche, uwu ndiye wamphamvu."

"N'zothamangitsira ntchentche."

"Ndinadziwa."

A Hidayat anatola m'buluwo n'kutuluka osatsanzika, makutu akutentha. Njira yonse ankadziuza kuti angothira kadontho, kadontho kokha, kuti mwala wa kwawo udzuke. Ndipo anathiradi kadontho. Kenako kena. Mkanjo unayaka, mwana wa mfumu anachira, a Hidayat n'kupumira m'mwamba, akuti ichi ndiye chikasu cha ku Shiraz monga ankachikumbukira.

Zitatero ntchito inathamanga. Mkono wa dona unkaoneka ngati thabwa, ndiye anaupaka timadontho tating'onoting'ono m'mbali, tosaoneka ndi diso limodzilimodzi, mpaka unazungulira. Pansi pa chibwano cha mwana wa mfumu anaikapo kamthunzi, chifukwa mutu unkaoneka ngati waikidwa pambale. Kuseri kwa khoma la munda kunali kopanda kanthu, ndiye anaikako kamudzi kakutali, kotuwa, kakang'ono monga zinthu zakutali zimakhalira. Pa mkungudza panafunika mbalame, dzanja linaikapo mbalame, yobiriwira ya mlomo wofiira, ngati zimene zinkawadyera mango kuseri kwa nyumba. Zonsezi sanaziganizire. Maganizo awo onse anali pa nkhope, ndipo nkhope zinali bwinobwino, diso limodzi ndi theka.

Anakulunga tsambalo mu nsalu yoyera n'kupita nalo kunyumba ya alendo cha m'mawa, dzuwa lisanakwiye. Pabwalo anthu anali atayamba kale kumanga akatundu. Sohrab Beg anali pakhonde akudya vwende. Anasamba m'manja, anapukuta chala chilichonse, anafunyulula nsalu, ndipo anaweramira tsambalo nthawi yaitali. Mtima wa a Hidayat unali m'malere.

"N'chokongola," anatero pomaliza. "Ndithu, n'chokongola kwambiri. Mhindu amene wajambulayu dzina lake ndani?"

A Hidayat anaganiza kuti makutu awanamiza. "Mwati?"

"Musakhumudwe, bambo, ndikudziwa kuti kuno mumagwira awiriawiri patsamba limodzi. Koma ine ndinapempha dzanja lanu lokha."

"Ndi langa. Mzere uliwonse, dontho lililonse. Palibe wina analikhudza. Taonani nkhopezi, bwana. Mhindu angajambule diso limodzi ndi theka lotere?"

Sohrab Beg anayang'ana nkhopezo mwaulemu. "Nkhope inde. Agogo anga anali ndi buku la nkhope zotere, tinkalikonda tili ana. Masiku ano kwathu sajambulanso choncho, amakonda munthu mmodzi patsamba, wowonda, wopindika ngati bango, mzere umodzi kuchokera paphewa mpaka pachidendene. Koma sindikunena za nkhope ine." Analoza ndi chala chaching'ono, osakhudza pepala. "Mkono uwu munthu angautsine. Kwathu anthu a m'zithunzi alibe thupi lotere, ndipo alibe mthunzi. Awa akulemera, akhala pansi zenizeni, mwana wa mfumuyu akadzuka udzu upezeka utagona. Kamudzi aka kathawira kutali bwanji? Mbalame iyi ku Shiraz munaionapo pa mkungudza uti? Ndiye chikasu ichi." Anasendeza mphuno pafupi, anakweza nsidze. "Chikasu ichi ndiye sindinachionepo n'kamodzi komwe."

"Ndi cha mwala," anatero a Hidayat, mawu akutuluka mopyapyala. "Chochuluka chake."

Anayang'ana tsamba lawo lomwe, ndipo zinali ngati wina wawachotsa chinthu m'maso. Mkono uja unali wa Pitambar. Mthunzi uja, kamudzi kaja, ngakhale mmene chala cha dona chinapindikira pachikho, zonse zinali zinthu zimene anazikalipira chaka ndi chaka pamkeka paja. Zinalowa liti m'dzanja lawo? Palibe tsiku limene anazivomera. Anakwiya ndi Pitambar, anakwiya ndi kapitawo, anakwiya ndi mnyamata wonunkha vwendeyu, koma dzanja limene linachita zimenezi linali pabondo pawo pomwe.

Sohrab Beg anali munthu wochenjera pa ntchito yake, ndipo nkhope yake inayamba kuwala. "Ngati ndi lanudi, ndiye nkhani yakoma. Mbuye wanga ali nawo kale ojambula zakwathu, amangopondana. Koma wojambula za Chihindu alibe, ndipo palibe bwanamkubwa wina amene ali naye. Tiyeni, bambo. Mudzakhala ndi chipinda chanu, alendo azidzabwera kudzakuonani mukugwira ntchito. Mudzatijambulira njovu, akazi ovala zibangili m'miyendo, anthu aja a diso limodzi. Mubwere nacho chambiri chikasuchi. Tizidzakutchani Hidayat wa ku Hindi."

"Ine ndine wa ku Shiraz. Ndinabadwira kuseri kwa msika wa osula mkuwa. Bambo anga agona kumeneko."

"Inde, inde, munanena. Zidzangowonjezera kukoma kwa nkhani." Anamwetulira mokoma mtima, ndipo kukoma mtimako ndiko kunapweteka kwambiri. "Mukaganize. Tinyamuka posachedwa."

A Hidayat anakulunga tsamba lawo okha, nsalu ikukana kupindika. Anatsanzika monga mwa mwambo, chifukwa ulemu sutha ngakhale munthu atakubaya, n'kutuluka padzuwa.

Sanapite kunyumba. Sakanatha kuyang'anana ndi Bibi Nasiba ndi kusanena kanthu kwake kuja. Anayenda m'misewu akukalipira chilichonse chowadutsa, ng'ombe yogona pakati pa njira, wogulitsa madzi, ngolo ya njerwa, ndipo anazindikira kuti akukalipa m'chiyankhulo cha ku Lahore, mawu ake onse otukwanira ali pamalo pake. Zimenezi zinawonjezera moto. Miyendo inawafikitsa yokha kunyumba ya zithunzi.

Pitambar anali pamkeka, akupaka tsamba la mmisiri wina amene kapitawo anamubwereka. Ankagwira mwakachetechete, ndipo sizinkamukhala. A Hidayat anavula nsapato osadandaula kanthu, moti anthu a pafupi ndi khomo anatukula mitu. Anakhala pansi n'kuponya mtolo wa nsalu patsogolo pa Pitambar.

"Ona zimene wandichita."

Pitambar anapukuta manja pantchafu, anafunyulula nsalu, anapendeketsa mutu. Anasiya kutafuna. Kenako anapukusa mutu ngati munthu woona nyumba yomangidwa mokhota.

"Aa, a Ustadi. Kungokusiyani nokha pang'ono, mwabwerera ku zakwanu. Chiperisiya chokhachokha."

A Hidayat anatukula mutu.

"Taonani nkhopezi, ngati chapati chosapsa. Diso limodzi ndi theka, diso limodzi ndi theka, awiriwa akukondana koma palibe akuyang'ana mnzake. Kumwamba golide, ngati dziko losagwa mvula. Kamtsinje aka n'kamtsinje kapena lamba? Ndipo chikasu changa mwachipha, mwachisakaniza ndi mwala wanu wa malirowo. Amalume anga ku Gwalior amandinena ine kuti ndinasanduka Mperisiya, koma akanaona izi akanandipepesa. Munthu angadziwire patali kuti wajambula ndi wa ku Shiraz."

"Nenanso."

"Ndinene chiyani?"

"Mawu omalizawo."

Pitambar anawayang'ana bwino tsopano, ndipo anaona kuti maso a nkhalambayo afiira. Anabwereza pang'onopang'ono. "Ndati, wajambula ndi wa ku Shiraz." Anatsitsa mawu kuti a pamkeka wina asamve. "Mlendo wanu uja wati bwanji?"

"Wati ndi ntchito ya Mhindu. Wafunsa dzina lako, osadziwa kuti akufunsa dzina lako." Anaseka pang'ono. "Akuti ndipite. Akandipatsa chipinda, anthu azikandionera ngati nyani wa pamsika. Hidayat wa ku Hindi. Kwathu, pamsewu umene ndinabadwira."

"Ndiye mupita?"

"Ndipite kukatani? Ndakhala zaka zonsezi ndikuti tsiku lina ndidzabwerera kwathu, ndipo lero ndamva kuti kwathu ndine mlendo. Zandipweteka, Pitambar, sindikubisira." Anapukuta mphuno ndi mkono wa mkanjo wawo wa pa Lachisanu. "Padziko lonse lapansi watsala ndiwe wekha wonditcha wa ku Shiraz. Ndipo ngakhale iweyo umangotero pofuna kundinyoza."

Pitambar anakankhira kumbali tsamba la mmisiri wina uja, anasendera pang'ono kuti a Hidayat akhale bwino pamalo awo akale, n'kutolanso chithunzi cha m'munda chija. Anachiyandikitsa kumaso, akufufuza ngodya ndi ngodya, ndipo atayankhula mawu ake anali osalongosoka.

"Ndiponso mtengo uwu, a Ustadi. Mtengo wanji woongoka chonchi, wopanda n'chipatso chomwe? Ndi anthu a kwanu okha angadzale zotere. Ndipo taonani nsapato za mwana wa mfumuyu. Dikirani, musachoke, zilipo zambiri."